Malungo akapanda kumva mankhwala, ganizaninso za khansa ya m'magazi

Mwana wanu watentha thupi kachitatu mwezi womwewu. Wamaliza LA koma sakusintha, m'manja ndi m'zikope mwayera, nkhama zikutuluka magazi, ndipo usiku akulira kuti mafupa akupweteka. Kwa inu a ku Ntaja, Nayuchi, Ulongwe kapena Utale, komwe udzudzu sukata, n'zosavuta kunena kuti ndi malungo omwe aja. Koma zizindikirozi zikakhalitsa, ikhoza kukhala khansa ya m'magazi.

Mtundu wina, leukaemia, umayambira m'mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwira. Wina ndi Burkitt lymphoma, womwe ndi umodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi muno. Dokotala Denis Burkitt anaufotokoza mu 1958 ku Uganda, ndipo akatswiri anapeza kuti umagwirizana ndi kudwala malungo pafupipafupi komanso kachirombo ka Epstein-Barr. Umatupitsa nsagwada, diso kapena mimba, ndipo chotupacho chimakula m'masiku ochepa, mano n'kuyamba kugwedera. Ubwino wake ngwakuti umamva mankhwala msanga, ndipo ana ambiri opezeka nawo koyambirira amachira.

Choncho musataye masabata mukutemera chotupacho mphini. Matendawa si ufiti, ndiponso sapatsirana podyera mbale imodzi. Pitani ku chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka, nenani tsiku lomwe zinayamba, ndipo pemphani kuti ayeze magazi onse, osati malungo okha. Ana ofunika thandizo la khansa amatumizidwa ku Queen Elizabeth mu Blantyre.

Ulendo weniweni umayamba pamenepo. Mankhwala amaperekedwa m'magawo kwa masabata kapena miyezi, ndipo pa leukaemia amatha kupitirira zaka ziwiri. Tsitsi limathothoka, koma limameranso. Choopsa n'chakuti chotupa chikaphwa, mabanja ena amaleka kupita ku chipatala poganiza kuti mwana wachira, kapena chifukwa ndalama ya thiransipoti yasowa ndipo kumunda kwatsala kopanda munthu. Khansa ikabwereranso imavuta kuchiza. Ngati mukuona kuti tsiku lanu likuphonyani, uzani anamwino pasadakhale.

Kunyumba, mwana amwe madzi owiritsa, agone m'neti, adye phala lotsendera nsinjiro, mazira ndi usipa. Mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndiye akangotentha thupi, musadikire kuti kuche. Thamangani naye ku chipatala.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, lembani masiku a chipatala a banjalo, likumbutseni, ndipo kambiranani ndi amfumu, mpingo kapena mzikiti za thiransipoti ndi ganyu ya kumunda. Odwalawa amafunanso magazi kawirikawiri, ndipo bungwe la Malawi Blood Transfusion Service lili ndi nthambi ku Balaka komweko. Ngati muli ndi thanzi, kaperekeni.