Kusankha Earth Leakage ya M'bokosi la Magetsi pa Famu

Mvula ikangoyamba, alimi ambiri amadandaula kuti earth leakage ikugwa kawirikawiri, ndipo sipasowa munthu wowalangiza kuti angoicotsa. Langizo limenelo ndi lakupha. Nthawi zambiri vuto limakhala waya wonyowa kapena kusankha molakwika.

Cipangizo cimeneci, cimene dzina lace m'masitolo ndi RCCB, cimayerekeza magetsi opita pa waya wa live ndi obwerera pa neutral. Akasiyana, ndiye kuti ena akuthawira pansi, mwina kudzera m'citsulo, mwina m'thupi la munthu kapena la ng'ombe. Pomwepo cimazimitsa magetsi sekondi isanakwane.

Coyamba kuyang'ana ndi nambala ya mA. Ya 30 mA ndiyo yoteteza moyo, ndipo iyenera kukhala pa masoketi onse, makamaka a m'khola ndi a pamalo okamira mkaka, pamene simenti imakhala yonyowa. Ya 300 mA nchito yace ndi kuletsa moto, munthu siimupulumutsa.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amaika imodzi ya 30 mA kuti isunge famu yonse. Koma waya wautali wopita ku borehole, mafiriji ndi nyale zofunditsa anapiye, ciliconse cimataya magetsi pang'ono ngakhale cili bwino, ndipo ya 30 mA ingathe kugwa zotayikazo zikangopitirira 15 mA. Motero pampu ikalowa madzi usiku, khola la anapiye limazizira mpaka m'mawa. Njira yabwino ndi kuika ya 300 mA yokhala ndi cilembo S, yocedwerako pang'ono kugwa, polowera magetsi, kenako ya 30 mA pa nthambi iliyonse. Zimadula ndalama, inde, koma sizifika pa mtengo wa anapiye 500.

Nambala ya 40 A kapena 63 A imangonena mphamvu imene cipangizoco cingapirire. Siciteteza waya mukalumikiza zinthu zambiri mopitirira. Pafunikabe breaker ya MCB, kapena RCBO imene imagwira nchito zonse ziwiri. Pa single phase ya 230 V gulani ya mapolo awiri, pa three phase ya anayi.

Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, mafamu ambiri anagula ma inverter ndi mapampu a sola. Zipangizo zoterezi zingathe kutaya magetsi a DC, amene earth leakage ya Type AC siiwaona bwino, ndipo nthawi zina amailepheretsa kugwa. Pamenepo pafunika Type A, ndipo pa pampu ya three phase yoyendetsedwa ndi VSD kawirikawiri pafunika Type B. Werengani buku la inverter yanu musanapite ku sitolo.

Dinikizani batani lolembedwa T mwezi uliwonse. Batanilo limangoyesa cipangizoco, osati waya wa earth, conco mukalumikiza jenereta kapena inverter, itanani wamagetsi wovomerezeka adzayese ndi mita yace.