Unyolo Wosunga Nthawi m'Injini ya Galimoto

Lero tiphunzira za unyolo umene ambiri a inu simunauonepo, cifukwa umakhala mkati mwa injini ya galimoto. Amakanika amaucha taimingi cheni. Unyolo umenewu ukayamba kutha umacenjeza, ndipo munthu amene wamva cenjezo lake msanga amapulumutsa injini yonse.

Poyamba taganizani za njinga. Mukamapalasa, unyolo umatenga mphamvu ya miyendo yanu ndi kuipereka ku gudumu la kumbuyo. Wa m'injini umafanana nawo m'maonekedwe, koma nchito yake ndi kusunga nthawi.

M'injini muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika m'masilinda, nazunguza citsulo cacitali ca pansi cochedwa kirankishafuti. Pamwamba pali mavalavu, tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi. Tizitsekoti timatsegulidwa ndi citsulo cina cochedwa kamshafuti. Pisitoni imayenda maulendo anayi: kukoka mpweya ndi petulo, kuzipanikiza, kukankhidwa ndi moto, ndi kutulutsa utsi. Injini yotere inakonzedwa ndi Nicolaus Otto ku Germany m'caka ca 1876. Pa maulendo anayiwo kirankishafuti imazungulira kawiri, pamene kamshafuti iyenera kuzungulira kamodzi kokha. Unyolo ndiwo umagwirizanitsa zitsulo ziwirizi, kuti valavu iliyonse itseguke pa nthawi yake.

Nanga umatha bwanji? Mfundo iliyonse ya unyolo ili ndi kamsomali, ndipo timisomali timeneti timaperepeseka pang'ono-pang'ono mpaka unyolo wonse utatalika. Pali kacipangizo kokunga unyolo, kochedwa tenshona, kamene kamagwira nchito ndi mphamvu ya oilo. Palinso zitsulo zokutidwa ndi pulasitiki zimene unyolo umatsetserekapo, ndipo pulasitikiyo ikakalamba imasweka. Oilo wakuda kapena wocepa amafulumiza kutha kwa zonsezi, maka-maka pa galimoto zaliwiro, zimene injini zake zimazungulira kwambiri ndi kutentha kwambiri.

Cizindikiro coyamba ndi phokoso lakuti kwecere-kwecere poliza injini m'mawa, limene limaleka oilo akafika ku tenshona. Caciwiri ndi kanyali kocenjeza koyaka patsogolo pa dalaivala, pakuti kompyuta ya galimoto imazindikira kuti zitsulo ziwiri zija zasiya kuyendera pamodzi. Cacitatu, injini imavuta kulira, imanjenjemera ndi kucepa mphamvu. Nthawi zina m'oilo wokhetsedwa mumapezeka tizidutswa ta citsulo kapena ta pulasitiki.

Wonyalanyaza zimenezi amaika galimoto yake pa ngozi. M'injini zambiri zamphamvu, malo amene valavu imatsikira ndi omwewo amene pisitoni imafika ikakwera, zimangosinthana nthawi. Unyolo ukalumpha mano kapena kuduka, pisitoni imamenya valavu ndi kuipinda, ndipo injini imazima pomwepo, ngakhale pakati pa mseu. Akulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi.

Kukonza kwake sikopepuka. Tengani citsanzo ca Audi S4, galimoto yaliwiro ya ku Germany, ya injini ya masilinda 8 imene inatuluka m'caka ca 2003. Maunyolo ake ali kumbuyo kwa injini, kufupi ndi giyabokosi, kotero kuti makanika amayamba watulutsa injini yonse kuti awafikire. Ndalama zambiri zimathera pa maola a nchito, osati pa unyolo weniweniwo.

Ndico cifukwa cake eni galimoto zotere amapita ku galaji ya ogulitsa ovomerezedwa ndi kampani yopanga galimotoyo, kapena kwa makanika wodziwa bwino mtundu umenewo. Kumeneko amalumikiza kompyuta yoonetsa kukula kwa kusiyana kwa zitsulo ziwiri zija. Ali ndi zida zogwirira zitsulozo kuti zisasunthe poika unyolo watsopano. Makanika wanzeru amasintha unyolo, tenshona ndi zotsetserekapo zonse pamodzi, kuopa kutulutsanso injini kaciwiri. Mwini galimoto naye ayenera kupempha mtengo wolembedwa nchito isanayambe, kuona zitsulo zakale zimene zacotsedwa, ndi kufunsa ngati citsimikizo ca kampani cikali kugwira nchito. Koposa zonse, asinthe oilo ndi sefa yake pa nthawi yolembedwa m'buku la galimoto.

Aphunzitsi, bweretsani njinga m'kalasi. Ana awerenge mano a magudumu awiri a unyolo, kenaka atinkhe unyolowo ndi kamtengo kuti aone ngati uli wolenda. Pambuyo pake ayankhe mafunso awa:

1. Ngati gudumu la kirankishafuti lili ndi mano 20, la kamshafuti liyenera kukhala ndi mano angati?
2. Kirankishafuti ikazungulira ka 6,000 pa mphindi imodzi, kamshafuti izungulira kangati?
3. Chulani zizindikiro zitatu za unyolo wakutha.

Ndipo inu ana, mukamva phokoso lacilendo pamene galimoto ilizidwa m'mawa, musacite manyazi kuuza akulu. Tsalani bwino.