KUCHOKA KUTSIDYA KUPITA KU FODYA KU KASUNGU: WAKULIPIRIRANI BOTI NDANI?

Mwezi wa Ogasiti ukamatha, pamene alimi a ku Kasungu ayamba kukonza nazale za fodya, m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja mumamveka nkhani imodzi yakuti kumtunda kukufunika anthu antchito. Uthengawu umafika ku Makanjira, ku Lulanga, ku Malindi ngakhalenso ku Namwera, ndipo kawirikawiri umabwera ndi mawu ozuna akuti za ulendo musade nazo nkhawa, abwana alipira zonse.

Kwa banja limene nkhokwe yayamba kale kupepuka ndipo usipa sukugwidwa monga kale, mawu oterewa ndi ovuta kuwakana. Koma abale ndi alongo, tisanamange mitolo, tiyeni tiuone bwino ulendowu kuyambira pamchenga mpaka pachigafa, chifukwa mmene munthu wawolokera nyanja popita ndi mmenenso zimadziwikira ngati adzathe kubwerera kwawo pa nthawi imene iye wafuna.

Matola amathera pamchenga

Pamsewu munthu wosowa amayenda ndithu. Amaima pamphambano, n'kukweza dzanja, n'kukambirana ndi dalaivala wa lole. Ndalama ikaperewera amatsika panjira n'kudikira ina, mwinanso kuyenda pansi mtunda wotsalawo. Awa ndiwo matola amene tonse tinakula nawo. Koma msewu ukafika pamadzi, nzeru zonsezi zimatha. Panyanja palibe potsikira, palibe poyembekezera galimoto ina, ndipo mwini boti amawerenga mitu ya anthu ndi matumba asanalize injini.

Kumaiko ena zinthu n'zosiyana. Pakati pa England ndi France pali njira ya sitima ya pamtunda imene anaiboola pansi pa nyanja, yotalika makilomita 50, ndipo inatsegulidwa mu 1994. Galimoto zimakwera m'mabogi a sitimayo ku Folkestone n'kukatsika pafupi ndi Calais patatha mphindi 35. Popeza mtengo amawerengera galimoto osati anthu amene alimo, wopempha matola amene wapeza dalaivala wachifundo amawoloka naye osawonjezera kanthu, bola akhale ndi ziphaso zoyenera. Kwathu kuno kulibe zotere. Lole imatsala kumtunda, munthu n'kulowa m'madzi ndi thumba lake lokha. N'chifukwa chake amene wakulipirirani boti amakhala wakugwirani penapake.

Njira yake ndi yakalekale

Ulendo wa pakati pa nyanja ndi Kasungu sunayambe ndi fodya. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, amene anali Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake za matanga zinkawoloka nyanja kupita kutsidya la kum'mawa, kumene amalonda ankapitirira pansi mpaka ku Kilwa. Minyanga ya njovu yambiri imene inkakwera zombozo inkachokera kwa Mwase ku Kasungu, ndipo tisabise, pamodzi ndi minyangayo pankawolokanso anthu ogwidwa ukapolo. Mfumu Makanjira nayo inali ndi zombo zake. Malondawa anatha m'ma 1890 pamene asilikali a Britain anagonjetsa mafumu a m'mbali mwa nyanja, ndipo kumapeto kwa 1895 anathira nkhondo Mwase Kasungu.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya anachuluka kwambiri m'zigwa za Kasungu, Mchinji ndi Mzimba. Nthawi imeneyo mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale, mpaka pamene lamulo linayamba kumasuka cha m'ma 1990, choncho wofuna ndalama ya fodya ankayenera kukakhala tenanti pa esiteti ya wina. Anthu ambiri ankachokera kum'mwera kumene malo olima ndi ochepa, ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Zomba, Machinga ndi Mangochi. Umu ndi mmene mabanja a kunyanja anayambira kudziwa maina ngati Santhe, Chamama, Wimbe ndi Chulu.

Sitima ndi maboti

Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo kumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Sitima yodziwika ndi aliyense ndi Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Kwa zaka zambiri ulendo wake unali wa kamodzi pa sabata, kuchoka ku Monkey Bay Lachisanu, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba, kenaka n'kubwerera. M'madoko ambiri sitimayi imaima patali ndithu, ndipo anthu amafika kumtunda pa timaboti, ana pamsana, katundu pamutu. Chifukwa cha ukalamba imaima nthawi zina kuti ikonzedwe, motero ndi bwino kufunsa kaye padoko m'malo modalira zimene munamva chaka chatha. Safunsa anadya phula.

Anthu ambiri a ku Makanjira amene akufuna kufika m'chigawo chapakati amakwera maboti a matabwa okhala ndi injini, opita ku Senga Bay m'boma la Salima. Kuzungulira pamtunda kudzera ku Mangochi boma, Monkey Bay turn-off ndi Golomoti kumadya nthawi ndi ndalama, pamene boti limawoloka m'maola ochepa. Vuto ndi lakuti mwini boti amapindula ndi kuchuluka kwa anthu ndi katundu. Mukaona kuti madzi atsala pang'ono kufika pamlomo wa boti lisananyamuke n'komwe, tsikani, ngakhale anzanu akusekeni. Mu Juni 2012 boti lodzaza mopyola muyeso linagubuduzika usiku m'boma la Karonga, ndipo anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia anamira. Iwonso anali atapereka ulendo wawo m'manja mwa anthu ena, ndipo analibe mawu pa za nthawi yonyamukira kapena chiwerengero cha okwera.

Kumtunda pa lole

Mukafika kutsidya lino, njira zopita ku Kasungu zilipo ziwiri. Wotsikira ku Salima akhoza kukwera kupita ku Lilongwe n'kulowa msewu wa M1 wodzera ku Mponela ndi Madisi. Wotsikira ku Nkhotakota, kapena amene watsata msewu wa m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Salima, amakwera phiri pa msewu wa M18 wodzera ku Malomo ndi Mtunthama. Msewu wachiwiriwu umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, mmene mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Si malo oti munthu atsike chifukwa wakangana ndi dalaivala pa za mtengo. Nkhani ya ndalama ithe galimoto isanalowe m'nkhalango, ndipo ulendo wake ukhale wa masana.

Tizikumbukiranso kuti lole anaipangira katundu. Ikagwa, amene ali pamwamba pa matumba a feteleza ndiwo amayamba kuponyedwa, ndipo kupeza chipukuta misozi kumavuta kwa munthu amene anakwera galimoto yopanda chilolezo chonyamula anthu. Pamene banja lili ndi ana aang'ono kapena mayi woyembekezera, kusiyana kwa mtengo wa lole ndi wa basi kusatichititse kuika moyo pachiswe.

Ngongole yoyamba imalembedwa panjira

Tsopano tifike pa chenicheni. Kapitawo kapena munthu wotumidwa akabwera kumudzi n'kulipira boti, lole ndi chakudya cha panjira, kawirikawiri ndalamayo si mphatso. Imalembedwa m'buku la esiteti pa dzina la wantchito, ndipo ndiyo imakhala mzere woyamba. Pansi pake pamadzabwera ndowa za chimanga, mchere, sopo, khasu, feteleza, mapepala a pulasitiki ofolera chigafa, ndi ndalama ya kuchipatala mwana akadwala. Mitengo ya zonsezi amaika ndi mwini buku.

Ntchito ya fodya imatenga pafupifupi chaka chathunthu: kuthirira nazale mu Seputembala ndi Okutobala, kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi ndi kudinda mabelo. Msika, kaya ku Chinkhoma konko ku Kasungu kaya ku Kanengo, umatsegulidwa cha mu Epulo. Apa ndi pamene buku limatsegulidwa n'kuchotsera zonse. Ambiri apeza kuti chotsala n'chochepa zedi, ena auzidwa kuti ngongole yaposa fodya. Munthu wotere, nyanja ili pakati pa iye ndi kwawo, alibe ya lole, alibe ya boti, amangovomera kukhalanso chaka china. Sanamangidwe ndi chingwe ayi, chamumanga ndi ulendo umene sanalipire yekha.

Mavuto amenewa boma ndi maiko akunja akuwadziwa. Mu 2015 dziko lino linakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu, limene limakhudzanso kutenga munthu mwachinyengo kuchoka naye dera lina kupita lina mkati mwa dziko lomwe lino kuti akamudyere masuku pamutu. Mu Novembala 2019 dziko la United States linayamba kugwira fodya wochokera ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa mchitidwe wa utenanti, kutanthauza kuti wolima fodya pa esiteti ya wina ayenera kulembedwa ngati wantchito wolandira malipiro. Komabe chizolowezi cha zaka makumi ambiri sichitha tsiku limodzi, ndipo lamulo limathandiza msanga munthu amene akulidziwa.

Sitikunena kuti eni minda onse ndi oipa. Alipo ambiri olemba ntchito mwachilungamo, ndipo m'midzi yathu muli nyumba za malata ndi maboti ogulidwa ndi thukuta la ku Kasungu. Koma bwana wachilungamo sakwiya mukamufunsa za buku musananyamuke.

Kubwerera kumakumana ndi mwera

Pali chinthu china chimene ambiri saganizira. Popita, mu Seputembala kapena Okutobala, nyanja imakhala itayamba kudekha. Koma nthawi yobwerera, fodya atagulitsidwa, ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti, miyezi imene mwera umaomba mwamphamvu kuchokera kum'mwera chakum'mawa, nthawi zina masiku angapo osaleka. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, imene inali yatsopano, inamira pa mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanja pafupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati mafunde anagonjetsa sitima yachitsulo, nanga boti la matabwa lodzaza njinga, malata ndi matumba a chimanga?

Wobwerera opanda ndalama yapadera ndiye amakakamira kukwera tsiku loipa, chifukwa alibe chodyera ana pa doko kwa masiku atatu. Wokhala ndi kangachepe m'thumba amatha kudikira mpaka mphepo igwe. Asodzi athu amadziwa kuwerenga nyanja, ndipo masiku ano nthambi ya zanyengo imalengeza za mwera pa wailesi. Mukaona asodzi akokera mabwato awo kumtunda, inunso khalani pansi.

Musanamange mtolo

Choyamba, ngati n'kotheka, lipirani nokha ulendo wopita, ngakhale zitatengera kugulitsa mbuzi. Ngati sizitheka, funsani poyera kuti ndalama ya ulendo ndi zingati, ndipo kodi ndi mphatso kapena idzachotsedwa. Yankho lilembedwe papepala pamaso pa a mfumu kapena a shehe, pamodzi ndi malipiro a pamwezi, chakudya, ndi amene adzalipire ulendo wobwerera.

Chachiwiri, dziwani dzina la mwini esiteti, mudzi, ndi mfumu yaikulu ya deralo, ndipo zimenezi zitsale kwa abale kumudzi pamodzi ndi nambala ya foni. Wokana kutchula kumene akukutengerani musapite naye. Chiphaso chanu chaunzika chikhale m'thumba mwanu, osati mwa kapitawo.

Chachitatu, sungani padera ndalama yokwanira lole, boti ndi chakudya cha masiku angapo, kaya pa foni kaya kwa mbale wodalirika, ndipo musaikhudze. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama ya m'buku la abwana simunaigwire.

Chachinayi, ganizirani za ana. Mwana amene wachoka kumudzi mu Seputembala amakhala wasiya sukulu ndi madrasa chaka chikungoyamba, ndipo ku esiteti manja ake amathera kusoka fodya. Masamba aawisi amalowetsa chikonga pakhungu, mwana n'kumamva chizungulire, mutu ndi nseru. Ngati agogo kapena azakhali angathe kutsala nawo, atsale.

Zinthu zikavuta, ku Kasungu boma kuli ofesi ya zantchito ndi polisi, ndipo dandaulo la malipiro ndi ntchito yawo kulimva. Nafenso okhala m'matauni a panjira, ku Kasungu, Nkhotakota ndi Salima, tili ndi gawo lathu. Mwa magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira zakaat amene atchulidwa mu Surat Tawba ndime 60, muli wangongole komanso wapaulendo amene zamuthera. Banja limene lagona pakhonde la mzikiti likuchokera ku fodya, likusowa ya boti, ndi lomwelo. Makomiti a mizikiti ya m'madoko angachite bwino kupatula kanthu chaka chilichonse, miyezi ya Juni mpaka Ogasiti isanafike.