Bulgogi pa mbaula ya ku Chanyanya

Chaka chilichonse pa 1 Disembala boma la Zambia limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndipo chiletsocho chimafika mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Ku Chanyanya, dera la asodzi limene lili m'mphepete mwa mtsinje wa Kafue kumadzulo kwa tauni ya Kafue, miyezi itatu imeneyi imaonekera mumphika. Mabwato amagona pagombe, maukonde amasokedwa pamthunzi, ndipo mayi amene anazolowera kugula nsomba zaziwisi padoko amayamba kusinthasintha nyemba, repu ndi nkhwani. Tsiku limene ndalama yapezeka, amatuma mwana kukagula theka la kilo ya nyama ya ng'ombe.

Theka la kilo limenelo ndilo landilembetsa sabata ino. Ntchito yanga ndi kuphika ndi kuphunzitsa ena kuphika, ndipo ndimadziwa zimene zimachitikira nyama yotere m'nyumba zambiri. Imadulidwa mibulu ikuluikulu, imawira maola awiri, makala amathiridwa kachiwiri, ndipo pomaliza aliyense amalandira nthuli imodzi kapena ziwiri. Palibe cholakwika ndi nyama yowiritsa, msuzi wake ngokoma. Koma anthu a ku Korea ali ndi njira ina yophikira nyama yochepa yomweyo, imene imatenga mphindi zosakwana khumi pamoto ndipo imakwanira banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Dzina lake ndi bulgogi.

Mawuwa asaopse munthu. M'chinenero cha ku Korea, bul ndi moto, gogi ndi nyama. Amene anadyapo michopo m'misewu ya Lusaka kapena kanyenya pa chiwaya ku Lilongwe ali kale pafupi ndi chakudyachi. Kusiyana kuli pa zinthu zitatu: kadulidwe, zoviikamo nyama isanapite pamoto, ndi ukali wa motowo.

Anthu a ku Korea sanali odya nyama ya ng'ombe tsiku ndi tsiku. Kwa iwo ng'ombe inali yolimira, ndipo mafumu a Joseon, amene anayamba kulamulira mu 1392, ankaletsa kawirikawiri kupha ng'ombe poopa kuti minda isowa yokoka pulawo. Aila ndi Atonga amene amadyetsa ng'ombe zawo m'madambo a Kafue angamvetse bwino zimenezi, chifukwa kwa iwonso ng'ombe ndi chuma, siiphedwa chisawawa. Ng'ombe imene yakoka pulawo kapena yayenda mitunda kufuna msipu imakhala ndi mnofu wolimba. Ophika a ku Korea anaphunzira kuugonjetsa ndi mpeni.

Mnofu wa ng'ombe uli ngati mtolo wa luzi. Munthu akauyang'anitsitsa amaona timizere toyenda mbali imodzi. Wodula motsatira timizereto amasiya ulusi wautali umene mano amalimbana nawo. Wodula mopingasa amaudula ulusiwo kukhala tizidutswa tatifupi, ndipo nyama imafewa isanaone n'komwe moto. Tizigawo ta bulgogi timakhala topyapyala, mamilimita awiri kapena atatu, moti munthu akakweza kamodzi m'mwamba kamapindika ngati tsamba. Amene ali ndi firiji aike nyamayo m'chipinda chozizira kwambiri kwa mphindi 40 kuti ilimbe pang'ono, ikatero imadulika mosavuta. Amene alibe anole mpeni bwinobwino pamwala, adule mopyapyala momwe angathere, kenaka apondeponde tizigawoto ndi botolo mpaka titaphwatalala. Kubutchala apemphe steki ya mnofu wokhawokha, yopanda fupa ndi mitsempha. Nyama ya m'miyendo ndi ya m'khosi ndi yowiritsa, pano siigwira.

Ndiyenera kunenapo za kumene nyama ikuchokera. Mu 2023 matenda a anthrax anavuta m'madera angapo a Zambia, makamaka kuchigawo cha kummwera, ndipo ambiri amene anadwala anali atagwira kapena kudya nyama ya ng'ombe zofa zokha. Nyama yotsika mtengo imene palibe akudziwa kumene yaphedwera isalowe m'khitchini. Yogula ikhale yoyesedwa ndi a zaumoyo wa ziweto.

Tsopano zoviikamo. Pa theka la kilo pamafunika masupuni anayi a sosi wa soya, supuni imodzi ndi theka ya shuga, timbewu tinayi ta adyo tosinja, theka la anyezi wopala kapena wosinja, ndi tsabola wakuda pang'ono. Mchere usathiridwe, sosi wa soya ali nawo wokwanira. Mwa zonsezi, chimene chingafune ulendo wa ku sitolo yaikulu ku Kafue kapena ku Lusaka ndi sosiyo, ndipo botolo limodzi limaphika kangapo. Shuga ndi wathu yemwe, wa nzimbe za ku Nakambala ku Mazabuka, zimene zimamwa madzi a Kafue yemweyu. Ngakhale soya si mlendo ku Chanyanya: m'minda yothirira ya kumeneko amalimamo soya ndi tirigu, mbewu ziwiri zimene mabotolo ambiri a sosiyu amapangidwa nazo. Ku Korea sosi wachikale amatchedwa ganjang. Amaphika soya, amamuumba ngati njerwa zotchedwa meju, amazisiya kuti zisase, kenaka amaziviika m'madzi amchere m'mitsuko ikuluikulu kwa miyezi. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linalemba luso limeneli pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa ya anthu a dziko lapansi.

Pali zinthu ziwiri zimene ophika a ku Korea amaonjezera, ndipo pa zonse ziwiri dera lathu lili ndi yankho lake. Choyamba ndi chipatso chotchedwa bae, chozungulira ngati apozi, chamadzi ambiri, chimene amapala ndi kusakaniza ndi nyama kuti ifewe. Mabuku a zophika akachitcha peyala, wowerenga wa ku Malawi asathamangire mapeyala a mafuta aja amene ku Zambia amati kotapela, ndi zipatso zosiyana kotheratu. Cholowa m'malo mwake chili kuseri kwa nyumba: papaya. Agogo ankakulunga nyama yolimba m'masamba a papaya, ndipo ankadziwa chimene akuchita, pakuti mu utomoni wa papaya muli mankhwala achilengedwe otchedwa papain amene amadula ulusi wa mnofu. Koma papaya wosapsa ndi waukali kuposa bae. Supuni imodzi ya wopala ndi yokwanira, ndipo nyama isakhalemo kupitirira mphindi 30. Ikakhalitsa imatibuka ngati phala ndipo siibwereranso.

Chachiwiri ndi mafuta a chitowe, amene amapatsa bulgogi fungo lake. Mafutawa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka paliponse, koma chitowe chenichenicho chimapezeka m'misika, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje alimi amachilima kwambiri. Masupuni awiri a chitowe akakazingidwa pa chiwaya chouma mpaka atayamba kuthetheka, kenaka n'kusinjidwa mu kamtondo ndi kusakanizidwa ndi supuni ya saladi (mafuta ophikira), fungo limene limatuluka ndi lomwelo.

Nyama isakanizidwe ndi zonsezi ndi manja, kachigawo kalikonse kanyowe, ivundikiridwe ndi kuikidwa pamthunzi kwa theka la ola. M'nyengo yotentha, popanda firiji, ngakhale yopanda papaya isapitirire ola limodzi. Nthawi imeneyi ndi yophika mpunga, kaya wa ku Mongu, wa ku Nakonde kapena Kilombero wa ku Karonga, ndi yoyatsa mbaula kuti makala afike pofiira.

Pamoto ndi pamene ophunzira anga ambiri amaphonya, ndipo chifukwa chake ndi chizolowezi chabwino chimene anakula nacho: kuthira nyama yonse mumphika kamodzi ndi kuvundikira. Pa bulgogi zimenezi zimaononga. Nyama yambiri ikagwera pa chiwaya kamodzi, chitsulo chimazizira, madzi amatuluka, ndipo nyamayo imayamba kuwira m'madzi ake, n'kukhala yotuwa. Madzi akamawira sapitirira madigiri 100, pamene kufiira kokoma kuja kumafuna kutentha kwa madigiri 140 kupita m'mwamba. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza mu 1912 momwe shuga ndi zomanga thupi zimagwirizanirana pa kutentha kotere ndi kutulutsa mtundu ndi fungo zimene timamva pa nyama yowotcha, pa chimanga chowamba ndi pa buledi. Choncho chiwaya chitenthe mpaka dontho la madzi lizidumpha, pathiridwe saladi pang'ono, ndipo nyama iyalidwe pagawo limodzi, tizidutswa tisasanjikizane. Mphindi imodzi kapena ziwiri mbali iyi, mphindi imodzi mbali inayo, ichotsedwe, ibwere ina. Theka la kilo limafuna maulendo atatu. Wophika asachoke pambaula, chifukwa shuga sachedwa kupserera, ndipo akapserera amawawa.

Mbaula pano ndi yoposa sitovu yamagetsi. Mu mzinda wa Gwangyang, kummwera kwa South Korea, bulgogi yotchuka ya kumeneko imawotchedwa pa waya pamwamba pa makala. Ku Seoul ambiri amaikonda ya msuzi, ndipo imeneyo ndiyo ndimalimbikitsa mabanja odya nsima. Nyama yonse ikapsa, pa chiwaya chomwecho pakazingidwe anyezi wamkulu mmodzi, karoti ndi tsabola wobiriwira zodula mopyapyala, pathiridwe theka la kapu ya madzi ndi zoviikamo zotsala, ziwire ndithu kwa mphindi zitatu popeza munali nyama yaiwisi, kenaka nyama ibwezeredwemo. Mbale imadzaza, ndipo mbamu ili ndi posunsa.

Ku Korea bulgogi siibwera yokha. Pambali pamakhala timbale ta masamba, makamaka kimchi, kabichi wosasitsa ndi mchere ndi tsabola. Ku Chanyanya repu wofwafwaza pang'ono, wothira adyo ndi chitowe chotsala, amagwira ntchito imeneyo, pamodzi ndi nkhaka zodula zothira mandimu ndi tsabola. Palinso kadyedwe kamene amati ssam: munthu amatenga tsamba la letesi, amaikapo kampunga ndi kachidutswa ka nyama, amakulunga ndi kuponya m'kamwa kamodzi. Ana amene amakana masamba amadya ambiri motere, chifukwa amakulunga okha. Letesi akasowa, masamba anthete a kabichi oviika m'madzi owira kwa mphindi imodzi amakulunga bwino, ndipo makala otsala pambaula amakhala akadali ndi mphamvu yowiritsa madziwo.