ANA A MPHAKA AKAMALIMBANA PAKHOMO

Mlimi wina wa kwa Njewa, kufupi ndi Chitedze, anadandaula kwa mlangizi wace kuti mphaka wace anaswa ana anai pansi pa nkhokwe, ndipo tsopano anawo angokhalira kulumana ndi kugwetsana usana ndi usiku. Mai wa pakhomo afuna kuti awiri akatayidwe kudambo, ndipo ana a sukulu awamenya ndi tsace. Funso la mlimiyo nali: kodi amphaka awa sadzaphana?

Iai, sadzaphana. Cimene aona mlimiyu ndiyo sukulu ya mphaka, ndipo iye amene afuna kuti cimanga cace cifike mwezi wa njala asaitseke sukuluyo.

Mwana wa mphaka abadwa wosapenya, natsegula maso atatha masiku 7 kufikira 10. Pa sabata lacinai ayamba kusewera ndi abale ace, ndipo masewerawo akulirakulira kufikira anawo atakwanitsa miyezi 3. Pambuyo pace acepa okha. Tsono takhalani pansi tsiku lina, muone bwino cimene acita. Wina abisala kuseri kwa mtondo, nayenda monyang'ama, nalumphira mnzace pakhosi. Wogwayo agona cagada, namgwira mnzace ndi miyendo ya kutsogolo, nampalasa pamimba ndi ya kumbuyo. Zonsezi ndizo adzacita ndi khoswe wamkulu m'nkhokwe mwanu, pakuti mphaka apha khoswe pomluma kumbuyo kwa khosi, ndipo khoswe safa modzipereka. Make naye awaphunzitsa: poyamba abwera nayo mbewa yakufa, pambuyo pace yamoyo, naiponya pakati pao kuti ayesere.

Pali phunziro lina limene anthu saliona. Wina akaluma kopitirira, mnzace akuwa nasiya kusewera, kapena make amkwapula ndi phazi. Potero mwanayo adziwa pamene dzino liyenera kulekera. Ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo, kumene makoswe abvuta m'nyumba zoyandikana, anthu apempha kamphaka kasanathe ndi mwezi womwe, nakanyamula m'thumba. Koteroko kakula kosadziwa malire, ndipo kaluma zala ndi zidendene za eni nyumba. Musapatse munthu mwana wa mphaka asanakwanitse masabata 8, ndipo mukadikira kufikira 12 mwacita bwino koposa. Wopemphayo akalola, mpatseni awiri, kuti azigwetsana okhaokha.

Komatu ndeu yeniyeni iliko, ndipo muyenera kuizindikira. Masewera alibe phokoso lambiri. Osewera asinthana: amene anali pansi abwera pamwamba, amene anathamangitsidwa athamangitsa mnzace. Makutu ao aloza kutsogolo, zikhadabo sizituruka kwambiri, ndipo akatopa agona pamodzi nanyambitana. Ndeu siitero. Makutu agona kumbuyo, ubweya wa pamsana uima, mcira utukumuka, ndipo mphaka akuwa natulutsa mpweya pakamwa ngati mphiri yoputidwa. Cizindikiro cacikuru ndi ici: mmodzi yekha ndiye athawa masiku onse, nabisala, naopa kufika pa cakudya. Mukaona cotero, kapena mukaona mwazi, pamenepo lowererani.

Musalowetse dzanja pakati pao, pakuti mphaka wokwiya sadziwa mbuye wace. Ombani m'manja, kapena ikani licero pakati, kapena ponyani ciguduli pa wamphamvuyo, nimumtsekere kwina kufikira mtima wace utatsika. Kumenya sikuthandiza konse; mphaka womenyedwa aphunzira kuopa munthu cabe, nathawira kwa anansi, ndipo nkhokwe itsala yopanda mlonda. Ana anu muwaletse kusewera nao ndi zala. Amange citsononkho pa luzi, nacikoke pansi, ndipo amphakawo adzathera ukali wao pa ico.

Ndeu zambiri ziyambira pa mbale. Alimi ambiri akhulupirira kuti mphaka ukamdyetsa acita ulesi, nasiya kugwira makoswe. Mau amenewa ndi onama. Mphaka asaka ngakhale wakhuta, pakuti kusaka kuli m'mwazi mwace; wanjala ndiye aba ndiwo pamoto, nagwira anapiye, nalimbana ndi abale ace. Ndiponso nsima yokha siimkwanira, popeza thupi lace lifuna nyama. Sinjani usipa kapena matemba pang'ono, musanganize ndi nsima yofewa, ndipo mwana ali yense akhale ndi phale lace, motalikirana, kuti wofoka adye mosaopa. Madzi akumwa asasowe. Mkaka wa ng'ombe utsegula m'mimba amphaka ambiri. Musautaye pa iwo.

Cina coyambitsa ndeu ndico mlendo. Mphaka adziwa mnzace ndi pfungo, ndipo kamphaka kocokera kwina mukangokaponya pakati pa eni khomo, kadzalandiridwa ndi zikhadabo. Katsekereni pa kokha masiku angapo. Tengani cisanza cimene kagonapo mukaciike pogona enawo, ndi cao mucibweretse kwa iko. Pambuyo pace adyere mbali ziwiri za citseko cimodzi, ndipo mukaona kuti adya mosakalipa, tsegulani. Apa kufulumira kuononga nchito.

Malo osewerera muwasankhire ndinu. Pansi pa nkhokwe ndi pabwino, pakuti pali mizati yokwerapo ndi pobisala pambiri, ndipo makoswe amva pfungo lao. Koma m'cigafa ndi mosankhira fodya asalowemo. Tsamba la fodya liri ndi ululu umene ukhoza kudwalitsa kamphaka kakalitafuna, ndipo fodya wong'ambika ndi zikhadabo, wa ubweya ndi mkodzo, sadzakupindulirani pa msika wa ku Kanengo. Cenjeraninso ndi mankhwala a makoswe: khoswe wodya mankhwala ayenda mozandima, kamphaka kamgwira mosabvuta, ndipo kakamdya nako kakhoza kufa.

Akafika miyezi 5 kapena 6 zinthu zisintha. Amphongo ayamba kuyendayenda usiku ndi kulimbirana akazi, ndipo ndeu imeneyi siya masewera ai. Abwera m'mawa ndi khutu long'ambika, ndipo pamene dzino linalowa patupa pakapita masiku awiri kapena atatu, nipacita mafinya. Tsukani balalo ndi madzi ofunda a mcere pang'ono. Likatupa, pitani naye kwa mlangizi wa ziweto. Musampatse Panado ngakhale kacidutswa, pakuti mankhwala amenewa, amene athandiza munthu, apha mphaka. Njira yocepetsa ndeuyi ndiyo kufula amphongo ndi kutseketsa akazi. Mphaka wofulidwa akhala pakhomo, ndipo makoswe agwirabe monga kale. Nchitoyi njosiyana ndi kufula mbuzi. Musaiyese ndi lumo, isiyireni dotolo wa ziweto. Mu Lilongwe bungwe la LSPCA, limene linayamba m'caka ca 2008, licita nchito imeneyi.

Catsala ndi ciwewe. Anthu aganiza kuti ndi nthenda ya agaru okha, koma mphaka naye aitenga akalumidwa ndi nyama yodwala, ndipo aipatsira munthu. Mwana wa mphaka alandire katemera akakwanitsa miyezi 3. Mphaka amene anali wofatsa akayamba kuluma ali yense popanda cifukwa, nacuca dobvu, musamgwire. Mtsekereni, nimuuze mlangizi wa ziweto. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati lidzatupa. Tsiku limene a ziweto adzabaya agaru m'dera lanu, ikani amphaka anu m'dengu lobvundikira, mupite nao pamodzi.