Bwato la thanga: zoti muone mwana asanakwere

Kwa Khwethemule m'boma la Thyolo kulibe nyanja. Mukaima pachitunda, maso amangogwera pa minda ya tiyi, nthochi ndi mitengo ya bulugamu. Koma tawerengani maulendo amene anthu a m'mudzi mwanu ayenda chaka chino chokha. Wina anatsikira kuchigwa n'kukawoloka Shire pa bwato popita kumaliro. Wina anawoloka Ruo kukasuma chimanga ku Mozambique. Mnyamata wina anasiya kuthyola tiyi, ali ku Mangochi kapena ku Chilwa, ndipo akusonkherana ndalama ndi anzake kuti agule bwato lawolawo. Ana a sukulu ndi a kwaya nawo amapita kukaona nyanja, ndipo akangofika amalirira kukwera bwato. Ambiri mwa anthu amenewa anakulira kumtunda, kusambira sadziwa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi m'chaka cha 2021, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Chomwe inu makolo ndi inu odzipereka pa zaumoyo muyenera kudziwa n'chakuti zambiri zimene zimamiza bwato laling'ono zimaoneka ndi maso munthu akadali pagombe.

Mpata wa pakati pa madzi ndi mlomo wa bwato

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Bwato limayandama chifukwa limakankhira pambali madzi olemera mofanana ndi ilo lomwe pamodzi ndi zonse zimene lanyamula. Munthu wa makilogalamu 60 akakwera, bwato limatitimira mpaka litakankha malita enanso 60. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limachita chimodzimodzi, njinga nayonso. Ndiye anthu akamakwera, inu yang'anani mpata wotsala pakati pa madzi ndi mlomo wa bwatolo. Ngati wachepa moti kafunde kakang'ono kangathe kulumphira m'kati, tsikani mudikire ulendo wina, ngakhale mwini bwato akunena kuti amanyamula chotere tsiku lililonse.

Kenako suzumirani m'kati. Mayi aliyense amene anasenzapo beseni la madzi osadzaza amadziwa kuti limavuta kuposa lodzaza: ukangopendekeka pang'ono, madzi onse amathamangira mbali yomweyo n'kukukokera pansi. Madzi a m'bwato amachitanso zomwezo. Bwato likapendekera kumanzere, iwo amathamangira kumanzere komweko n'kuwonjezera kupendekekako. N'chifukwa chake chokapira madzi si chinthu choiwala kunyumba, ndipo chizimangidwa ndi kachingwe kuti chisatayike. Mukaona kuti mnyamata wayamba kale kukapa bwato lisananyamuke, funsani kumene madziwo akulowera.

Katundu wolemera akhale pansi, anthu akhale pansi. Munthu akaimirira, kulemera kwake kumakwera m'mwamba ndipo bwato limagubuduzika mosavuta. Lamuloli silisankha kukula kwa chombo. Sitima ya Vipya inamira pa Nyanja ya Malawi pa 30 Julayi 1946 itakumana ndi namondwe kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anafa. Ambiri ofotokoza za ngoziyi amanena kuti sitimayo inali yolemera kumtunda.

Thanga ndi mphepo

Thanga limapulumutsa manja ku nkhafi komanso ndalama za petulo. Asodzi ena amasoka lawo ndi masaka kapena lona, ndipo pakati pa Likoma ndi Cobue ku Mozambique pamayenda ngalawa za matanga zonyamula anthu ndi katundu. Palinso timabwato tamasewera timene eni ake amatikoka pa ngolo kumbuyo kwa galimoto kupita nato kunyanja, monga timene timachita nawo mpikisano wa matanga pa Nyanja ya Malawi m'nyengo yozizira. Kaya thanga ndi la masaka kaya ndi la kusitolo, mphepo imalikankha mofanana.

Mphepo imagunda thanga m'mwamba pamene madzi agwira bwato pansi, choncho bwato limapendekeka. Choopsa chagona apa: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. Mphepo imene kwa inu pagombe yangowonjezera pang'ono, kwa bwato yasintha zonse. Woyendetsa wodziwa ntchito yake amachepetsa thanga msanga, nyanja isanakalipe, chifukwa kulimbana ndi nsalu pakati pa mafunde n'kumene kumagwetsera anthu m'madzi. Chingwe chokokera thanga amachigwira m'manja, samanga mfundo, kuti mphepo ikabwera modzidzimutsa angochitaya thanga n'kukhuthula mphepoyo. Mukaona chingwechi chitamangidwa chothina, musakwezemo ana.

Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi imene kuno ku Thyolo timakhala tikunjenjemera ndi chiperoni, kunyanja kumawomba mwera wochokera kumwera chakum'mawa. Nthambi yoona zanyengo imalengeza pa wailesi mwera ukamabwera. Aphunzitsi ndi atsogoleri a mpingo amene mukukonza ulendo, mverani chenjezoli, ndipo muvomereze kuti ana atha kubwerako osakwera bwato ngakhale ndalama ya basi yapita kale.

Ngati mwana wanu wagula bwato

Matabwa amawola mwakachetechete, nthawi zambiri pansi pa penti wooneka bwino. Mwini bwato azitenga msomali kapena nsonga ya mpeni n'kumabaya pang'onopang'ono pansi, m'makona, mozungulira misomali yadzimbiri ndiponso pamene mlongoti wakhazikika. Pamene nsonga yalowa mofewa, thabwalo latha, lisinthidwe. Kupakapo phula n'kungobisa chilonda. Ming'alu ya pakati pa matabwa abwino ndiyo imatsekedwa ndi thonje kapena chingwe n'kumata phula.

Bwato likakhala pamtunda likhazikidwe pa mitengo, lisakhudze dothi, ndipo livundikiridwe kapena kufunditsidwa kuti madzi a mvula asadikhemo. Dzuwa lambiri nalonso n'loipa: matabwa amauma n'kufota, mipata n'kutseguka. Bwato limene lakhala nthawi yaitali kumtunda liyambe laviikidwa m'madzi osaya kuti matabwa afufume, ndipo aone ngati lasiya kudontha asanakwezemo munthu. Thanga liziuma lisanapindidwe. Masaka ndi zingwe za nayiloni zimafumbutuka ndi dzuwa, moti chingwe chimene chikusiya ufa m'manja chatsala pang'ono kuduka. Kwa amene amakoka bwato pa ngolo, mawilo amene amalowa m'madzi amatha girisi msanga, ndiye aziwapaka kawirikawiri.

Si ngozi zonse zimene mungazione pagombe. Mu Meyi 2023 mvuu inagunda bwato limene linanyamula anthu 37 pa mtsinje wa Shire ku Nsanje. Mwana wa chaka chimodzi anapezeka atafa ndipo anthu 23 anasowa. Zikatere, chimene chimasiyanitsa wopulumuka ndi womira ndi chinthu choyandama chimene munthu wavala kapena wagwira.

Jekete yoyandamitsa munthu ivalidwe pagombe, osati kukhalira. Ya mwana muiyese chonchi: mukamanga, munyamuleni pogwira mapewa a jeketeyo, ikakwera mpaka kudutsa makutu, ndi yaikulu ndipo idzavuka m'madzi. Kumene jekete kulibe, chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotseka bwino, chimatha kunyamula pafupifupi makilogalamu 20 pamadzi, zimene n'zokwanira kuti mutu wa munthu wamkulu ukhale pamwamba. Zigubu zingapo zomangidwa pansi pa mipando zimathandizanso bwato lodzaza madzi kuti lisamire. Komabe chigubu sichilowa m'malo mwa jekete, pakuti mwana akatopa kapena kukomoka amachitaya. Bwato la matabwa likatembenuzika nthawi zambiri limayandamabe. Uzani ana kuti aligwiritse, asayese kusambira kupita kumtunda, chifukwa gombe limaoneka pafupi kuposa mmene lilili.

Munthu akavuulidwa

Izi n'zofunikanso pa madamu a m'maesiteti ndi pa mitsinje yodzaza m'dzinja. Womira kawirikawiri sakuwa. Pakamwa pake pamangotuluka ndi kulowa m'madzi. Musadumphiremo ngati simunaphunzire kupulumutsa munthu m'madzi, chifukwa adzakukakamirani n'kumira nonse. Mupatseni nsungwi, nkhafi kapena chitenje inu mutagona chafufumimba, kapena muponyereni chigubu.

Akafika pamtunda, musamuzondotse ndiponso musamufinye pamimba pofuna kutulutsa madzi. Zimenezi zimataya nthawi ndipo zimabweretsa masanzi amene angamutsamwitse. Mugonekeni chagada, kwezani chibwano, muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, tumani wina akafune galimoto, inu mutsineni mphuno n'kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, mukuona chifuwa chikukwera. Kenako dinikizani pakati pa chifuwa maulendo 30 mofulumira, pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse, n'kumuuziranso kawiri, ndipo pitirizani chotero. Kwa mwana wamng'ono dzanja limodzi ndi lokwanira, kwa khanda zala ziwiri, ndipo pakamwa panu paphimbe mphuno ndi pakamwa pake pamodzi.

Akayamba kupuma, mugonekeni chammbali, muvuleni zonyowa ndi kumufunditsa. Apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuyankhula ndi kuyenda yekha, chifukwa mapapo amene analowa madzi amatha kuyamba kuvuta patapita maola angapo. Panjira yang'anirani chifuwa chosalekeza, kupuma mofulumira, milomo yosintha mtundu ndi tulo tachilendo, ndipo mukafika muwauze achipatala nthawi imene anavuulidwa.