Mphunzitsi wa m'thumba: kodi foni ingakukwezeni pa nchito?

Pa nchito zambiri muno mu Lusaka palibe amene adzakukhazikani pansi kuti akuphunzitseni. Mukalowa akuonetsani tilu kapena mashelefu tsiku limodzi, kwatha. Kucokera mu 2017 olemba anchito amalipira ku ZRA msonkho wa Skills Development Levy, 0.5 peresenti ya malipiro a anchito awo, wothandizira maphunziro a luso. Koma funsani kashiya wa ku Kamwala ngati anatumizidwapo ku kosi. Adzangoseka. Malo a supavaiza akatseguka, amapatsa wobwera dzulo amene adziwa Excel.

Ndiye cifukwa cake ambiri manje afuna kudziphunzitsa okha pa foni. Ma app olembamo zolinga ni ambiri, ena aulere monga Google Keep na Google Calendar, ena amadula ndalama mwezi na mwezi. Ine ndimakayikira olipiritsawo. Zimene amagulitsa ni mafunso cabe, ndipo mafunsowo ni akale. John Whitmore anawafalitsa mu 1992 m'buku lake la Coaching for Performance, pa njira yochedwa GROW: ufuna ciani, uli pati lero, ungayese njira ziti, nanga udzacita ciani ndipo liti? Mungawalembe pa WhatsApp, pa nambala yanu yomwe, n'kumawayankha Sondo iliyonse madzulo popanda kulipira ngwee.

Funso loyamba ndilo limagwetsa anthu. Mwana wa mlongo wanga amagulitsa m'sitolo ya zomangira. Nditamufunsa colinga cake anati: "Amalume, nifuna cabe kuyenda pasogolo." Kutsogolo kuti? Nayenso kondakita amakuuzani kuti tiyenda manje-manje basi ilibe munthu. Tinakhala pansi mpaka colinga cinakhala ici: pofika kumapeto kwa mwezi, akhale wokhoza kulemba yekha stoko ya simenti na malata pa Excel, zotsala zizidziwerengera zokha. Cimeneco munthu angacione na maso, kuti cacitika kapena iyayi.

Cotsatira ni nthawi. Katswiri wa maganizo Peter Gollwitzer anaonetsa kuti munthu amene wanena kuti "cakuti cikacitika, ndidzacita cakuti" amakwaniritsa kaŵirikaŵiri kuposa wongoti "ndidzayesa". Kwa ife okwera mabasi nkhani yake ni yapafupi. Kucoka ku Chelstone kufika ku Kulima Tower m'maŵa, Great East Road ikathina, ni nthawi yokwana phunziro lathunthu. Conco m'malo molemba kuti "ndizidzaŵerenga ndikapeza mpata", lembani kuti "ndikangolipira kondakita, nditsegula vidiyo imodzi". Itengerenitu pa YouTube usiku kapena pa Wi-Fi ya ku nchito, cifukwa bando siicedwa kutha, ndipo foni muicajiretu malaiti akalipo. Amene mwakhala ku windo, gwirani foni na manja aŵiri. Mwamva.

Cenjerani na tumoto na tunyenyezi tumene ma app amapereka mukatsegula masiku otsatizana. Munthu angafike masiku 100 osaphonya koma akamupatsa kompyuta manja anjenjemera. Muyeso weniweni uli ku nchito: cimene mwaonera m'basi Lolemba, mwaciyesa pa kauntala Laciŵiri?

Za masatifiketi nazo mufunse musanatulutse ndalama. Pa Alison kuphunzira ni kwaulere koma pepala lake mumagula. Pa Coursera pali fomu yopemphera thandizo ngati simungakwanitse kulipira. Koma ngati ndinu makanika, wowocherera kapena wamagetsi, mapepala amenewa salowa m'malo mwa trade test ya TEVETA. Foni ikuthandizeni kukonzekera mayesowo, osati kuwathaŵa.

Cimene app ilibe ni manyazi. Alamu ikalira mumaizimitsa, siikwiya, siikuonani pa cechi. Koma onani cilimba: amai a pa msika salephera kuponya tsiku lawo, cifukwa anzawo adzabwera pakhomo. Mwana wa mlongo wanga anapangana na anzake aŵiri a pa nchito, anatsegula gulu la WhatsApp la anthu atatu cabe. Lacisanu lililonse aliyense atumiza cithunzi ca cimene waphunzira. Wolephera agulira anzake vitumbuwa Loŵeruka m'maŵa. Sabata yacitatu iye anapita kwa abwana ake n'kupempha kuti stoko ya mwezi uno ailembe iye pa kompyuta ya mu ofesi, buku lakale likhalepo pambali kuti ayerekezere. Abwanawo anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumupatsa simenti yokha. Malata akuti aone kaye.